Kuyamba Python ndi Belo la Fodya

Mwana wa ku Njombwa amadziŵa belo la fodya asanaone kompyuta. Tiyambire pamenepo pophunzitsa Python, chiyankhulo cholembera malangizo a kompyuta chimene chinatuluka mu 1991.

Tilembe pa bolodi zimene belo lililonse lopita ku msika wa Chinkhoma limakhala nazo: mwini wake, kulemera kwake ndi giredi yake. Ndandanda imeneyi ndiyo class. Belo limodzi lenileni, la makilogalamu 100, ndilo object. Njira yoŵerengera mtengo wake ndiyo method.

Tsono ana alembe mabelo atatu osiyana m'makope mwawo, potsata ndandanda imodzi yomweyo. Ngati sanathe kusiyanitsa ndandanda ndi belo, tisafulumire kuyatsa kompyuta, chifukwa adzangokopera mawu osawamvetsa.