Ndili ndi pakati, koma dothi sindikulisiya

Funso: Adokotala, ndili ndi pakati pa miyezi 5. Tsiku silipita osadya dothi la pachulu. Apongozi akuti n'zachibadwa. Kodi ndisiye? Mayi wa ku Dedza.

Yankho: Inde mayi, siyani. Chilakolako chimenechi kawirikawiri chimabwera magazi akamachepa m'thupi, ndipo dothilo siliwonjezera magazi ayi. Limatchinga ayironi wa m'zakudya kuti asalowe bwino, komanso lingakupatseni njoka zam'mimba.

Pitani kusikelo akakuyezeni magazi. Mapiritsi a ayironi amene adzakupatseni muzimwa tsiku lililonse, koma osamwera tiyi. Chimbudzi chikada musachite mantha, ndi mankhwalawo. Pa ndiwo musasowe bonongwe, nyemba kapena usipa. Mukamamva chizungulire, mtima kuthamanga kapena kupuma mwawefuwefu, musadikire tsiku la sikelo, thamangirani kuchipatala.