MAPU A MUDZI OSAOPA MVULA

Inu a ku mapiri a Dowa ndi Nchisi, mudziwa kuti m'mwezi wa October zitsime zambiri ziphwa, ndipo m'dzinja mitsinje monga Lingadzi ndi Bua idzala, nikokolola munthu wosadziwa pooloka. Pa njala ya 1949, ndi ya 2002 yomwe, anthu anayenda maulendo atali kufuna cakudya. Amene adziwa akasupe osaphwa ndi madooko abwino ndiwo akulu. Koma nkhalamba ikamwalira, nzeru zace zipita nayo kumanda. Cifukwa cace lembani mapu a dziko lanu iwo akali ndi moyo. Macitidwe ace ndi awa:

1. Khalani pansi ndi akulu a pamudzi. Tengani pepala lokhuthala, nimulembe ndi pensulo, pakuti inki isungunuka ikanyowa. Yambani mwasonyeza kum'mawa, pamenepo ikani mapiri, njira, madambo, akasupe ndi madooko. Tsirizani zonse tsopano, popeza paphula sipalembeka.

2. Phikani phala lopyapyala la ufa wa cinangwa, nimumate nalo pepalalo pa nsaru yoyera, kuti lisang'ambike. Liume pamthunzi masiku awiri.

3. Ikani phula la njuci m'kacitini, ndi kacitiniko mu mphika wa madzi otentha. Musakaike pamoto penipeni, cifukwa phula liyaka msanga.

4. Litasungunuka, lipakeni ndi nthenga mbali zonse ziwiri, osaiwala m'mphepete. Phimbani ndi pepala lina, nimupitirizepo simbi yofunda, kuti phula lilowerere.

5. Litazizira, donthezanipo madzi. Akangogubuduka osalowa, nchito yatha, akalowa, pakaninso.

Mapuwa musawapinde, pakuti phula lisweka popindapo. Koma muwakulunge, nimuwalonge mu nsungwi yokhala ndi citsekero. Nsungwiyo ipacikeni kutali ndi moto, posafika ciswe ndi makoswe. Konzani mapu awiri: ena akhale kwa mfumu ya mudzi, ena atenge wa paulendo.

Kapena wina adzati, Ndiri ndi lamya ya m'manja, mapu ndicite nawo ciani? Mbale, lamya itha moto, ndipo kasupe amene adziwa agogo anu mulibe m'menemo. Mau a akulu akoma akagonera. Citani nchitoyi m'malimwe, mvula isanagwe, ndipo muphunzitse ana anu kuwerenga mapuwo.