Mafunso ndi Mayankho pa za Mafilimu Akale Opanda Mawu

Popeza anthu a m'boma la Chongwe amene apeza zitini za filimu m'mabokosi a makolo awo akhala akutifunsa mwamantha, ndipo safunsa adadya phula, tayesa kuyankha motere.

Kodi mafilimu amenewa ndi otani?

Ndiwo zithunzi zoyenda zopanda mawu, zimene zidafala chisanafike chaka cha 1930. Ambiri adatengedwa ku masewero a pasiteji, monga King John wa Shakespeare, wojambulidwa mu 1899.

Nanga osonkhanitsa zakale amawafuniranji?

Chifukwa cha kusowa kwake, pakuti mwa mafilimu aatali otere a ku America, pafupifupi 70 pa 100 alionse adatayika. Filimu ya Richard III ya mu 1912, imene anthu adaiyesa yotayika, idapezeka mu 1996 m'manja mwa wosonkhanitsa wina wa ku Portland.

Kodi n'zoona kuti chitini chingatenthe nyumba?

Pano mpamene pagona nkhawa ya ambiri. Filimu yotambalala mamilimita 35, yopangidwa chisanafike chaka cha 1952, kawirikawiri ndi ya nitrate, imene ikakalamba nkusungidwa potentha ingathe kuyaka yokha, ndipo moto wake, ngakhale muuthire madzi, suzima msanga. Ndiyo idapsereza nkhokwe ya kampani ya Fox mu 1937. Koma filimu yopapatiza ya mamilimita 16, yonga ija ankaonetsa m'midzi a Bantu Educational Kinema Experiment kuyambira 1935, ndi a Central African Film Unit kuyambira 1948, idapangidwa mwa mtundu wosayaka chotero. Tiyesa kuti zambiri za kuno nzotere, komabe yezani ndithu, ndipo yang'anani m'mphepete ngati palembedwa SAFETY kapena NITRATE.

Yanga ikununkha viniga, kodi iphulika?

Iyayi. Fungolo litanthauza kuti ikuwola. Ipatuleni kwa zinzake.

Kodi ndingalemere nayo?

Sitingalonjeze. Mtengo umatsata kusowa kwa filimuyo ndi umo yasungikira, ndipo mwina kuitumiza kunja kungadye ndalama zoposa zimene mungalandire.

Tsono ngati ndi yoopsa, bwanji osangoitentha?

Musaitenthe, pakuti utsi wa nitrate ndi wakupha, musaiponye m'dzala, kapena kuiyesa pa makina akale. Iikeni pozizira ndi pouma, kutali ndi mbaula ndi denga la malata, ndipo mukafunse uphungu ku National Archives of Zambia mu Lusaka musanainyamule pa basi.