Yosefe Woyera, Mphunzitsi Wachete wa Oimba



Pa 19 Malichi Mpingo umapumulako pa chisoni cha Lenti kuti ulemekeze Yosefe Woyera, mwamuna wa Maria Virigo. Tsiku limeneli wansembe amasiya zovala zofiirira navala zoyera, ndipo ife akwaya timaimba nyimbo ya Ulemu, imene pa Lamulungu lililonse la Lenti timaidumpha. Aleluya yekha ndiye amadikirabe usiku wa Pasaka.

Chodabwitsa n'chakuti munthu amene timamuimbira mokweza choteroyu alibe mawu ngakhale amodzi olembedwa mu Mthenga Wabwino. Werengani mitu iwiri yoyamba ya Mateyo: kanayi konse Mulungu akumulankhula m'maloto, ndipo yankho lake n'kuchita zimene wauzidwa. Anatenga Maria kunyumba kwake ngakhale anali ataganiza zomuleka mwachinsinsi. Herode atafuna kupha Mwana, Yosefe anadzuka usiku nathawira ku Ejipito ndi banja lake. Pobwerera anaopa Arikelao, mwana wa Herode, nakakhazikika ku Nazarete. Luka akuwonjezera kuti nsembe yawo m'Nyumba ya Mulungu inali ya mbalame ziwiri, imene Levitiko 12 amaloleza kwa osakwanitsa kugula nkhosa.

Ife okhala m'dziko la eni tikudziwa kulemera kwa ulendo wa ku Ejipito uja. Mmisiri wodziwika kwawo anayenera kuyambanso pakati pa anthu osamudziwa, kuti mayi ndi mwana apeze chakudya. Ena mwa inu mumafika pokonzekera nyimbo mutachokera ku ntchito ya usiku. Ena muli ndi maphunziro amene kuno sawawerengera. Yosefe anayenda njira imeneyi inu musanayende, ndipo mu 1870 Papa Pius IX anamutchula kuti ndiye nkhoswe ya Mpingo wonse.

Ndivomere kufooka kwanga. Pa zaka zimene ndinagwira ntchito m'boma ndinalemba makalata ambiri amene ena ankasainira, ndipo mtima unkandipweteka kuti dzina langa silikuoneka. Matenda omwewo ndinalowa nawo m'kwaya: kufuna kuti liwu langa limveke pamwamba pa anzanga. Akuluakulu anati ng'oma yolilitsa sichedwa kung'ambika. Kwaya imagawikana pamene aliyense akufuna kuyambitsa nyimbo, ndipo palibe wofuna kukonza mipando kapena kukatenga nkhalamba yosowa galimoto. Woimba wosatha kukhala chete samamva mnzake, ndipo wosamva mnzake amasocheretsa nyimbo.

Sabata ino tiyese zinthu ziwiri. Tisanayambe kukonzekera nyimbo, tikhale chete mphindi zisanu, mafoni atazimitsidwa, tikusinkhasinkha mawu amene tikufuna kuimbawo. Chachiwiri, aliyense achitire mnzake ntchito imodzi yachifundo osauza munthu. Kunyumba makolo awerenge ndi ana Mateyo 2:13-23, ndipo awafotokozere chimene chinachotsa banja lawo kumudzi.

Tipemphere: Yosefe Woyera, inu amene munasunga Yesu ndi Maria m'dziko lachilendo, sungani mabanja athu kuno ndi abale amene tinawasiya kwathu. Tiphunzitseni kumva tisanaimbe, ndi kutumikira popanda kufuna kutamandidwa. Amen.