Mmene Mungasankhire Chopangira Khofi cha Pakhomo Kuno ku Lago

M'makomo ambiri a m'mbali mwa nyanja, kuchokera ku Meluluca kudzera ku Metangula ndi Messumba mpaka ku Cóbuè, chakumwa cha m'mawa ndi tiyi. Amene amamwa khofi anazolowera wa m'chitini wongosungunula m'madzi otentha, monga Ricoffy ndi Nescafé. Koma munthu akalawako khofi wokazinga ndi kupera ku Lichinga kapena kwa abale kutsidya ku Malawi, amabwerako ndi mtima wofuna chida chake chopangira khofi wotero pakhomo. Apa ndi pamene ndalama zambiri zimatayikira, chifukwa m'sitolo maso amathamangira makina onyezimira amene anawapangira nyumba za ku Maputo kapena ku Lisboa. Chida chabwino kwa inu ndi chimene chikugwirizana ndi moto umene muli nawo, khofi amene mungamupeze, ndi mtunda umene mungayende chikawonongeka. Tsatirani njira zisanu ndi imodzi izi musanatulutse ndalama m'thumba.

1. Yambani ndi moto wa pakhomo panu

Ngati mumaphika pa mbaula ya makala kapena pa mafuwa, makina onse a magetsi achotseni m'maganizo. Sola ya pakhomo imene imayatsa mababu ndi kutchaja foni singawakwanitse. Makina odonthetsa khofi amafuna mawati pafupifupi 1,000, ndipo a espresso ambiri amapitirira pamenepo. Mukawalumikiza ku inivata yaing'ono, imangozima kapena kupsa kumene.

Ngati muli ndi magetsi a EDM, monga m'tauni ya Metangula, dzifunseni kuti m'mawa umene magetsi athima mudzamwa chiyani. Yang'ananinso kunsi kwa makinawo, pamene alembapo mphamvu yake. Magetsi athu ndi a mavoti 220 mpaka 240, choncho makina akaunjika olembedwa 110 kapena 120 anawapangira ku America, ndipo amapsa tsiku loyamba. Pulagi nayo muione: ya ku Malawi ili ndi mano atatu aphanthiphanthi, pamene masoketi a ku Mozambique amalandira mano obulungira. Mukagula kutsidya, mugulirenso adaputa yolimba.

2. Dziwani khofi amene muzimupeza mwezi ndi mwezi

Wa m'chitini safuna chida chilichonse koma kapu ndi supuni. Chida chimafunika pokhapokha ngati muli ndi njira yopezera khofi wopera kapena wa njere. Kuchokera ku Metangula kupita ku Lichinga ndi makilomita oposa 100, ndipo msewu wa ku Cóbuè umavuta nthawi ya dzinja. Kwa anthu a ku Cóbuè, njira ina ndi ya pa boti kudzera ku Likoma, kumene sitima ya Ilala imalumikiza chilumbacho ndi Nkhata Bay. Nkhata Bay ili pafupi ndi Mzuzu, kwawo kwa Mzuzu Coffee, khofi wa alimi ang'onoang'ono a m'mapiri monga Misuku ndi Viphya. M'dziko lathu muno mulinso khofi wa m'phiri la Gorongosa ku Sofala, ndi wa Delta wochokera ku Portugal amene amagulitsidwa m'masitolo a m'mizinda.

Makina a timakapisozi, monga Nespresso ndi Delta Q, musawayandikire. Amalandira timakapisozi ta mtundu wake wokha, kamodzi kamapanga kapu imodzi, ndipo tikatha, makinawo amakhala chokongoletsa pa shelefu mpaka wina atapita ku mzinda.

3. Werengani anthu amene adzamwe

Khofi wa munthu mmodzi wodzuka m'bandakucha ndi wosiyana ndi wa banja la anthu asanu ndi mmodzi, kapena wa asodzi opita ku usipa usiku amene amafuna fulasiki yodzaza, makamaka m'miyezi ya mwera ya Juni ndi Julayi. Chenjerani ndi manambala olembedwa pa katoni. Pa mapoto a moka, amene tiwafotokoze m'munsimu, "kapu" imodzi ndi kakapu ka mamililita pafupifupi 50, choncho moka yolembedwa makapu 6 imatulutsa mamililita ngati 300, kapu imodzi yathu yaikulu ndi kadontho. Funsani malita, osati makapu.

4. Yerekezani zida zimene zingapirire kuno

Sefa ya nsalu, imene m'Chipwitikizi amati coador, ndiyo yotsika mtengo kuposa zonse. Ndi kathumba ka nsalu yoyera ya thonje kosokeredwa pa waya wozungulira wokhala ndi chogwirira, ndipo telala aliyense pa msika angakusokereni. Mumaika khofi m'kathumbako, n'kuthira madzi otentha pang'onopang'ono, khofi n'kumadonthera mu ketulo kapena mu fulasiki. Imapanga kapu imodzi kapena malita awiri mofanana, siisweka, ndipo ikatha mumasoketsa ina. Kuipa kwake n'kwakuti imafuna ukhondo: muzitsuka ndi madzi okha mukangomaliza, osagwiritsa sopo wonunkhira, muziiwiritsa kamodzi pa sabata ndi kuiyanika padzuwa kuti isachite nkhungu.

Sefa ya pepala, imene Melitta Bentz anatulukira ku Dresden m'chaka cha 1908, imagwira ntchito chimodzimodzi ndipo imatulutsa khofi wopanda nsenga. Koma pepala lililonse limagwira ntchito kamodzi kokha. Iguleni pokhapokha ngati muli ndi munthu wokubweretserani mapepalawo nthawi zonse.

French press ndi jagi yokhala ndi sefa ya chitsulo imene mumaikankhira pansi. Mumathira khofi ndi madzi otentha, n'kudikira mphindi 4, n'kukankha pang'onopang'ono. Siifuna pepala kapena magetsi, ndipo ya lita imodzi imakwanira anthu anayi. Zambiri m'masitolo ndi za galasi lopyapyala, limene silingapirire mabampu a chapa kapena mafunde a pa boti. Funani ya chitsulo chosachita dzimbiri ngakhale ikhale yokwera mtengo. Ya makoma awiri imasunganso kutentha.

Moka ndi kapoto ka aluminiyamu ka zigawo zitatu, kamene Alfonso Bialetti anakatulutsa ku Italy m'chaka cha 1933. Madzi amakhala pansi, khofi pakati, ndipo nthunzi imakankha madziwo kudutsa mu khofi kukwera pamwamba. Imapanga khofi wamphamvu, wabwino kuthiramo mkaka kapena kuonjezera madzi. Pa mbaula imagwira bwino ngati makala ayaka kale ndipo malawi atha. Chogwirira chake ndi cha pulasitiki, choncho chizikhala kunja kwa moto. Madzi asapitirire kavalavu ka m'mbali, pakuti n'kamene kamatulutsa nthunzi ikachuluka. Khofi musamutsindire ndi supuni. Mukamva kapotoko kayamba kufwenthera, phulani msanga, apo ayi khofi awawa.

5. Chifufuzeni m'manja musanalipire

Musalandire katoni yomata. Muuzeni wogulitsa atsegule. Ngati ndi moka, masulani ndi kumanganso kangapo kuti muone ngati mazinga ake akugwirana bwino, ndipo tembenuzani chigawo cha pamwamba muone mphira yozungulira imene ili kunsi kwake. Mphira imeneyi imauma n'kung'aluka pakapita nthawi, ndipo ikatero khofi amatulukira m'mbali. Gulirani limodzi mphira ziwiri za saizi yomweyo. Ngati sitoloyo ilibe, ganizani kawiri. Ngati ndi French press, kankhani sefa muone ngati ikukhudza makoma mbali zonse, ndipo masulani muone ngati ingatsukike. Ngati ndi makina a magetsi, awayatse muli pomwepo, ndipo mutenge risiti.

Ganiziraninso zoperera. Khofi wa njere amasunga fungo nthawi yaitali kuposa wopera kale, makamaka kuno kumene kumatentha ndi chinyezi. Kachigayo ka pamanja n'kabwino, koma kamtondo kakang'ono kamagwiranso ntchito, bola kakhale ka khofi yekha, kosasinjiramo tsabola, adyo kapena nsinjiro. Khofi wa French press akhale wa timibulu ngati shuga wa bulauni. Wa sefa ya nsalu asalale kuposa pamenepo. Wa moka asalale kwambiri koma asafike pokhala fumbi, chifukwa angatseke timabowo.

6. Chiyeseni ndi muyeso woyenera

Anthu ambiri amanena kuti chida n'choipa pamene vuto ndi muyeso. Pa sefa ndi pa French press, yambani ndi magalamu 60 a khofi pa lita imodzi ya madzi, ndiye kuti masupuni akuluakulu awiri odzaza pa kapu ya mamililita 250. Akapepuka onjezerani khofi, akawawa perani mokulirako kapena chepetsani nthawi.

Madzi a m'nyanja kapena a pa chitsime aziwira kaye mokwanira, kwa mphindi imodzi yathunthu ali kubwata, chifukwa cha kolera ndi matenda ena a m'mimba. Kenako phulani, dikirani theka la mphindi, ndiye thirani. Madzi oyenera khofi ndi a madigiri 90 mpaka 96. Mu moka namonso thirani madzi owiritsa kale. Ngati madzi a pa mjigo wanu amasiya zoyera mu ketulo, adzatsekanso timapaipi ta makina a magetsi, choncho muziwatsuka ndi viniga wosakaniza ndi madzi. Khofi muzimusunga m'botolo lotseka bwino, pamthunzi, kutali ndi usipa wouma, sopo ndi parafini, pakuti amakoka fungo la chilichonse chimene ali nacho pafupi.

Tsono mugule chiti? Ngati mukungoyamba kumene, kapena mumapangira anthu ambiri, soketsani sefa ya nsalu ndipo ndalama yotsalayo mugulire khofi wabwino ndi fulasiki. Ngati ndinu banja la anthu atatu kapena anayi ndipo thumba likulola, gulani French press ya chitsulo. Ngati mumamwa nokha ndipo mumakonda wamphamvu, gulani moka ndi mphira zake. Makina a magetsi ndi a nyumba yokhala ndi magetsi odalirika, ndipo ngakhale nyumba yoteroyo isunge sefa ya nsalu m'kabati.