Tchalitchi cha ku Namugongo, ndi Chimene Chitiphunzitsa

Inu a m'midzi ya kuno ku Chilwa, kuyambira ku dooko la Kachulu kufikira ku chilumba cha Chisi, kawirikawiri timamva mau akuti, Bambo safikafika kwathu kuno, nanga chikristu chathu chidzalimba bwanji? Pofuna kuyankha mau amenewa, tiyeni tipite ndi maganizo athu ku dziko la Uganda, pa malo ochedwa Namugongo, pafupi ndi mzinda wa Kampala. Pamenepo pali tchalitchi chachikulu chimene Akristu a maiko ambiri amapitako ulendo wa mapemphero.

Ansembe oyamba anafika m'dziko la Buganda m'chaka cha 1879. Anali a gulu la White Fathers, lomwe lija linafika kwa Mponda mu 1889, ndi ku Mua mu 1902. Koma mu 1882 anachokako chifukwa cha mabvuto, nakhala kutali kufikira 1885. Nthawi yonseyo kunalibe Misa, kunalibe wansembe. Koma ophunzira sanabalalika ai. Anasonkhana m'nyumba zao, wodziwa katekisimu naphunzitsa wosadziwa, ndipo pobwera ansembe anapeza nkhosa zitachuluka.

Masiku amenewo mfumu Mwanga anali ndi anyamata ambiri otumikira pa bwalo lache, ndipo anafuna kuchita nao zonyansa. Joseph Mukasa, kapitao wao, anawachinjiriza. Anadzudzulanso mfumu chifukwa cha kupha Bishopu Hannington wa mpingo wa Anglican. Chifukwa chache anamdula mutu pa 15 Novembala 1885. Usiku womwewo Charles Lwanga analandira ubatizo, natenga ntchito yosunga anyamata aja. M'mwezi wa Meyi 1886, poona kuti imfa yayandikira, iye mwini anabatiza ophunzira ena usiku. Mmodzi wa iwo ndiye Kizito, mnyamata wa zaka ngati 14.

Kutacha mfumu analamula kuti onse opemphera aime paokha, ndipo anaima. Anawamanga, nawayendetsa kunka ku Namugongo, kumene mafumu a dzikolo anali kuphera anthu. Kumeneko anakhala m'nsinga sabata lathunthu, akupha ali kutema nkhuni, ndipo njira yokana Kristu ndi kupulumuka inali chitsegukire. Pa 3 Juni 1886, tsiku la Kukwera Kumwamba kwa Ambuye, anatentha Charles Lwanga payekha, pang'onopang'ono, kuyambira ku mapazi. Anzache anawakulunga m'mphasa za bango, zonga zomwe tiluka kunozi, nawaponya pa moto umodzi pamodzi ndi Akristu a Anglican. Akatolika onse ophedwa kuyambira 1885 kufikira 1887, amene Eklezia awawerenga, ndiwo 22.

Papa Benedict XV anawachula Odala mu 1920, ndipo Papa Paul VI anawalemba m'gulu la Oyera pa 18 Okutobala 1964. Papa yemweyo anafika yekha ku Namugongo mu 1969. Tchalitchi chachikulucho anayamba kuchimanga mu 1967, nachitsiriza mu 1975. Nchozungulira monga nyumba ya makolo athu. Mizati yache ya mkuwa iri 22, mzati umodzi mmartiri mmodzi. Ndipo guwa la nsembe liri pamene anafera Charles Lwanga. Papa John Paul II, amene anatichezera m'Malawi muno mu 1989, anapempherako mu 1993, ndi Papa Francis mu 2015. Chaka ndi chaka, pa 3 Juni, makamu a anthu amasonkhanako, ena atayenda pansi masabata ambiri kuchokera ku Kenya, ku Tanzania ndi ku Congo.

Nanga anthu onsewa atsata chiyani kumeneko? Satsata mkuwa ai, pakuti matchalitchi okongola koposa alipo ambiri. Atsata malo pamene anthu akuda onga ife tomwe, ena a iwo obatizidwa sabata limodzi lokha, anakonda Mulungu koposa moyo wao, nakana chimo ngakhale wolamula anali mfumu. Malo amene kale anali a manyazi ndi oopsa, lero pachitika nsembe ya Misa.

Tsono, abale, ambiri a ife sitidzaona Namugongo ndi maso, pakuti ulendo wache ngwautali ndipo ufuna ndalama zambiri. Koma chimene chinamanga tchalitchi chimenecho chiri pafupi nafe. Anyamata aja analimba chifukwa anaphunzitsana pamene wansembe panalibe. Chifukwa chache, Lamulungu likafika, Bambo kulibe, tisanene kuti, Lero kulibe mapemphero, ndi kukankhira bwato m'madzi. Tisonkhane ndithu, timve Mau a Mulungu, tinene Korona. Inu makolo, phunzitsani ana mapemphero madzulo asanagone. Inu anyamata okhala miyezi pa madooko ndi m'zimbowera, kutali ndi akazi anu, kumbukirani Kizito pamene anzanu akuitanirani ku mowa ndi ku chigololo. Ndipo inu amene mwaleka kudza ku katekumenati chifukwa abale akusekani, bwererani. Pakuti aja sanawaseka kokha, anawatentha, koma sanabwerera m'mbuyo.

Amartiri Oyera a ku Uganda atipempherere ife tonse, kuti chikhulupiriro chathu chisaphwe monga iphwera nyanja yathu m'zaka za chilala.