Kwa omvera athu a kwa Nyalugwe: zenera la padenga

Bambo athu a kwa Mfumu Nyalugwe ku Nyimba, kalata yanu yatipeza. Mukuti m'golosale mwanu mumachita mdima ngakhale dzuwa lili paliwombo, ndiye mukufuna kuboola denga muikepo lata loonekera, koma mukuopa kudontha. Nkhawa yanuyo ndi yomveka, bambo. Madzi kawirikawiri amalowera m'mphepete, pomwe zeneralo lakumana ndi malata ena.

Yambani ndi felemu yokwera masentimita 15 pamwamba pa denga, kuti madzi a mvula ya Januwale azilambalala. Thabwa la paini wosathira mankhwala musaliyese, chiswe chidzalidya inu muli m'tulo. Tsanya kapena mlombwa ndiwo umapirira, koma ukhale wouma bwino. Wouma, ndikubwereza dala. Thabwa laliwisi likakumana ndi dzuwa la Okutobala la m'chigwa cha Luangwa limapindika, n'kusiya mpata wolowa chala.

Felemuyo muiveke lata losachita dzimbiri msanga, ndipo mbali yakumtunda mulilowetse pansi pa malata a denga, osati pamwamba. Apa ndi pomwe amisiri ena amaphonya, n'kumadalira phula, pamene phulalo limafewa kukatentha kenako n'kung'aluka.

Za lata loonekera lija, kusitolo funsani la polycarbonate. La fibreglass ndinaliona pa khonde lina litasanduka lachikasu, ulusi uli poyera ngati thumba lakutha. Mabowo a misomali akhale okulirapo pang'ono chifukwa pulasitiki imafutukuka ikatenthedwa, ndipo misomaliyo ikhale ya mphira kumutu. Muuzeni mmisiri wanu amalize mvula ya Novembala isanagwe, bambo.